Mzere Woonda Ngati Tsitsi

Pali mtundu wina wa zilembo umene aliyense wa ife adauonapo, ngakhale kuti ndi owerengeka amene amaudziwa dzina. Umapezeka pa makadi a ukwati, pa mabotolo a mafuta onunkhira, pa zikuto za magazini a zovala ndiponso pa zikwangwani za malo okonzerako tsitsi, kuyambira ku Limbe mpaka ku Chipata, ku Tete ndi ku Johannesburg. Kuuzindikira n'kosavuta. Mizere yoimirira ya chilembo imakhala yonenepa ndi yakuda bii ngati mizati ya nyumba, pamene mizere yopingasa ndi yolumikiza imakhala yoonda ngati tsitsi. Kumutu ndi kumapazi kwa mzati uliwonse kumakhala kamzere kopyapyala kogona, kamene amisiri a zilembo amakatcha serif. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikukonza makadi ndi mapulogalamu a zochitika za pabanja pathu ndi za kumpingo, ndipo palibe mtundu wa zilembo umene ndimaukonda ndi kuuopa nthawi imodzi ngati umenewu. Ndilolezeni, abale anga, ndifotokoze chifukwa chake, pakuti nkhaniyi ikukhudza maonekedwe a chinenero chathu chikakhala papepala.

Zilembozi zidabadwira ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo amisiri awiri ndiwo amatchulidwa koposa onse. Woyamba ndi Giambattista Bodoni, mwana wa munthu wosindikiza mabuku, amene adabadwira ku Saluzzo m'dziko la Italy mu 1740. Ali mnyamata adapita ku Roma kukagwira ntchito m'nyumba yosindikiziramo ya Propaganda Fide, imene inkatulutsa mabuku a Mpingo wa Katolika m'zinenero zambiri, ndipo kumeneko maso ake adazolowera zilembo za mitundu ya anthu akutali. Mu 1768 adaitanidwa ku Parma kukayang'anira nyumba yosindikiziramo ya wolamulira wa kumeneko, nakhala mumzindawo mpaka imfa yake mu 1813. Wachiwiri ndi Firmin Didot wa ku Paris, wobadwa mu 1764 m'banja la osindikiza mabuku ndi opanga mapepala. Iyeyu ankasema zilembo, mkulu wake Pierre n'kumasindikiza nazo mabuku. Bodoni ndi a kwa Didot ankapenyerana ntchito patali, aliyense kufuna kuti mzere wake woonda ukhale woyera ndi wakuthwa kuposa wa mnzake. Patapita nthawi yaitali, mu 1954, katswiri wa ku France Maximilien Vox adalumikiza maina awiriwa popereka dzina loti Didone ku gulu lonse la zilembo zotere.

Funso loyenera kufunsa n'lakuti, bwanji zilembo zoterezi sizidaoneke kale, popeza anthu a ku Ulaya adali atasindikiza mabuku kwa zaka zoposa 300? Yankho lili m'cholembera ndi m'pepala. Zilembo za mabuku akale zinkatsanzira dzanja la mlembi wogwiritsa ntchito nthenga yodulidwa mophwatalala kunsonga ndi yogwiridwa mopendeka. Nthenga yotere imatulutsa mizere yosasiyana kwambiri kunenepa kwake, ndipo mbali zoonda za chilembo O zimakhala zopendekera kumbali. Pambuyo pake kudafala cholembera cha nsonga yosongoka. Ukachikanikiza potsika, nsongayo imayasama ndipo mzere umanenepa. Ukamakwera kapena kupingasa osakanikiza, mzere umatuluka woonda. N'chifukwa chake O wa Bodoni amaima chilili, wonenepa kumanja ndi kumanzere, woonda pamwamba ndi pansi penipeni.

Koma kulemba mzere woonda ndi dzanja n'kwina, kuusindikiza kambirimbiri n'kwinanso. Mapepala akale adali ndi timizere tokhakhala tochokera ku sefa imene ankaumbira pepalalo, ndipo kamzere kopyapyala kakagwera pamalo otero kankaduka. John Baskerville wa ku Birmingham ndiye adalambula njira. Buku lake la ndakatulo za Virgil la mu 1757 lidasindikizidwa, mbali ina, papepala losalala la mtundu watsopano. Iye ankapanganso inki yakuda kwambiri ndipo ankasalaza mapepala osindikizidwa kale powapanikiza pakati pa mbale zamkuwa zotentha. Bodoni ankasirira ntchito ya Baskerville ndipo adaipitiriza mpaka pamapeto pake. Apa pali mfundo imene ndikupempha kuti tiisunge: mzere woonda uja ndi mwana wa pepala losalala, inki yabwino ndi makina okhazikika. Ukaulanda makolo akewo umafa.

Pali chinthu chinanso chimene amisiri akalewo ankachita chimene ife tidaiwala. Chilembo chilichonse ankachisema ndi manja kunsonga ya kachitsulo kolimba. Kachitsuloko ankakakhomera pamkuwa kuti kasiye chikombole, ndipo m'chikombolemo ankathiramo mtovu wosungunula wosakaniza ndi zitsulo zina, n'kutuluka chilembo chosindikizira. Msinkhu uliwonse wa zilembo unkasemedwa pawokha. Posema zilembo zazikulu za mutu wa buku, mmisiri ankaondetsa mizere yopingasa monga momwe chitsulo chingalolere. Posema zing'onozing'ono zowerengera ndime, ankanenepetsako mizere yoondayo, kutakasa mimba za zilembo ndi kuzitalikitsa pang'ono, podziwa kuti diso la munthu lili ndi malire. Bodoni atamwalira, mkazi wake Margherita Dall'Aglio adamaliza ndi kutulutsa mu 1818 buku la magawo awiri lotchedwa Manuale Tipografico, loonetsa mitundu ya zilembo yoposa 100 imene mwamuna wake adasema, kuyambira tating'onoting'ono mpaka zikuluzikulu. Bodoni yemweyo mu 1806 adasindikiza Pemphero la Ambuye m'zinenero 155. Zitsulo zake ndi zikombole zake, zikwi zambirimbiri, zikusungidwa mpaka lero m'nyumba yosungiramo zakale yotchedwa Museo Bodoniano ku Parma.

Makina ndiwo adasintha zinthu. Mu 1885 Linn Boyd Benton wa ku America adapanga makina osemera zilembo potsatira chojambula chimodzi chachikulu, kuchikulitsa kapena kuchichepetsa monga munthu afunira. Kenaka kudabwera kusindikiza pogwiritsa ntchito filimu, pomaliza kompyuta. Lero munthu amangosintha nambala kuchoka pa 72 kufika pa 9, chilembo chonse n'kufota mofanana, mzati ndi tsitsi lomwe. Mzatiwo umatsalabe wooneka, koma tsitsi lija, limene lidali loonda kale, limatsala pang'ono kuzimirira. Diso likayenda pa ndime yotere limaona mizati yakuda yondondozana ngati mpanda wa nsungwi, ndipo limatopa msanga pofunafuna pamene chilembo china chathera ndi pamene china chayambira. Dandaulo limeneli si lachilendo. William Morris, amene adayambitsa nyumba yosindikiziramo ya Kelmscott mu 1891, ankadana ndi zilembo za Bodoni ponena kuti zimathobwa m'maso.

Komabe zilembozi sizidafe. Zidachoka m'ndime za mabuku ambiri n'kukakhala pamalo pamene zimaoneka bwino, pa mawu ochepa olembedwa mokula. Alexey Brodovitch, amene ankayang'anira maonekedwe a magazini ya Harper's Bazaar kuyambira mu 1934 mpaka mu 1958, adazikonda kwambiri, ndipo dzina la magazini ya Vogue lakhala likulembedwa m'zilembo za mtundu wa Didot kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kuchokera kumeneko anthu adayamba kuziona ngati chizindikiro cha ulemerero ndi zinthu zamtengo wapatali. Amisiri a masiku ano nawo adabwerera ku nzeru yakale ija. Jonathan Hoefler, pokonzera Harper's Bazaar zilembo za Didot mu 1991, adazijambula m'misinkhu ingapo yosiyana, ndipo ITC Bodoni ya mu 1994 idatuluka m'mitundu itatu, wa zilembo za msinkhu 6, wa 12 ndi wa 72. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito Bodoni MT wopezeka mu Word kapena Playfair Display, amene Claus Eggers Sørensen adatulutsa mu 2011 ndipo amapezeka mwaulere pa intaneti. Liwu lachiwiri la dzina limenelo ndi chenjezo la mmisiri mwini wake, kutanthauza kuti zilembozo adazikonzera mitu ndi mawu oonekera patali. Ambiri timalilumpha liwulo osaliwerenga.

Tsopano tibwere kwathu. Amene adasema zilembozi ankaganiza za Chilatini, Chitaliyana ndi Chifalansa, ndipo chinenero chathu chili ndi zosowa zake zimene iwo sadazidziwe. Choyamba, mawu athu ndi aatali. Chimene zinenero zina zimanena m'mawu anayi kapena asanu ife timachimanga m'liwu limodzi: sitidzakuiwalani, tikukuitanirani, adatitsogolera. Wokonza khadi akafuna kuti liwu lotere likwane mumzere umodzi amalichepetsa, ndipo akalichepetsa tsitsi lija limayamba kusowa. Chachiwiri, zilembo zimene timazigwiritsa ntchito kwambiri ndi zomwezo zimene zimadalira mizere yoonda. Chilembo m ndi mizati itatu yolumikizidwa ndi timauta tiwiri topyapyala, n ndi mizati iwiri, ndipo w ali ndi mizere iwiri yonenepa ndi iwiri yoonda. Lembani mawu oti mwamuna kapena mnyamata m'zilembo zazing'ono za mtunduwu, muwajambule pa fotokope yotopa, muone chimene chitsale.

Chachitatu ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chimakhudza tanthauzo. Kwa ife h ndi amene amasiyanitsa phala ndi pala, khola ndi kola. Kauta kolumikiza mizati yake kakazimirira, h amaoneka ngati l wotsatana ndi i. Kachizindikiro ka mu ng' ndi kamene kamasiyanitsa ng'oma yovinira ndi ngoma ya m'tchire, ndipo m'zilembo za mtunduwu kali ndi mutu wozungulira ndi kamchira koonda kosachedwa kuduka. Abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique, amene amalemba c yekha pamene ife a ku Malawi timalemba ch, ali ndi vuto linanso: kamzere kopingasa ka e kakafufutika, e amasanduka c. Ndiye pali ŵ. Ena mwa ife timamulemba, ena tidamusiya, ndipo mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Amene timamufuna timamupeza m'mitundu yambiri ya zilembo chifukwa anthu a ku Wales nawonso amamugwiritsa ntchito, monga m'liwu lawo la madzi loti dŵr. Koma mitundu yambiri yaulere yokongoletsera ilibe chilembochi. Zikatero kompyuta imabwereka ŵ ku mtundu wina mwakachetechete, ndipo pakati pa dzina lolembedwa mwaulemu pamatulukira chilembo chimodzi chachilendo, ngati munthu wovala yunifolomu ya kwaya ina.

Zimenezi ndidaziona ndi maso pa mwambo wovundukula chiliza cha malume anga. Ana awo adafuna kuwalemekeza mokwanira, motero adapita ku kashopu kena kosindikiza m'tauni, ndipo mnyamata wa pamenepo adawasankhira zilembo za mtundu umenewu. Pa kompyuta yake zinkaoneka bwino zedi. Adalemba nazo zonse: dzina la malemu, ndondomeko ya mwambo, nyimbo ziwiri ndi mbiri ya moyo wawo, zonsezo m'tizilembo tating'ono kuti zikwane papepala limodzi lopinda pakati. Adasindikiza pepala limodzi loyera bwino, ena onsewo n'kuwajambula pa fotokope. Amene adasankhidwa kuwerenga mbiri adali mng'ono wawo wa malemu, bambo amene adaphunzitsa ana a anthu kuwerenga kwa moyo wawo wonse. Adaimirira pansi pa tenti, nakonza magalasi awo, nayamba. Mzere woyamba adaudutsa chifukwa ankaudziwa pamtima. Pa wachiwiri adaima. Adasendeza pepala pafupi, nalitalikitsanso, nalitembenuzira kumene kunkachokera kuwala. Adatchula molakwa dzina la mudzi umene iwo eni adabadwira, anthu ena kumbuyo n'kuseka pang'ono mosafuna. Pamapeto pake adaitana mdzukulu wawo wamkazi nati, "Iwe mwanawe, tabwera undiwerengere, maso angawa atha." Mtsikanayo adati, "Chabwino agogo," nawerenga mbiri yonse bwinobwino. Madzulo ake ndidatenga limodzi mwa mapepalawo n'kuliyang'anitsitsa. Maso a bambo aja adali asadathe. Mizere yonse yopingasa idali itadyedwa ndi fotokope, ndipo patsambapo padangotsala mizati. Munthu adalandidwa mwayi wotsazika mkulu wake ndi pakamwa pake, napita kwawo akukhulupirira kuti vuto ndi ukalamba wake.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo alipo anzanga amene akamva nkhani imeneyi amati tingozisiya zilembo zotere, ndi zachizungu, ndi zodzionetsera, si za anthu ngati ife. Ine sindigwirizana nawo. Zilembo zonse zimene tikulembera Chichewa ndi Chinyanja lero zidachokera kutsidya kwa nyanja, zonenepa ndi zoonda zomwe, ndipo tidazisandutsa zathu pozigwiritsa ntchito. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti kawirikawiri zilembo zokongola timazisungira Chingerezi. Pa khadi la ukwati, mawu a Chingerezi amavekedwa suti, pamene mzere wa Chichewa, ukapezekapo n'komwe, umaponyedwa pansi m'tizilembo wamba ngati chidziwitso cha kuchipatala. Mwana amene akukulira ku Harare kapena ku Leeds akamaona zimenezi chaka ndi chaka amaphunzirapo kanthu za ulemu wa chinenero cha makolo ake, ngakhale wina asamuuze.

Pa ukwati wa mwana wa achemwali anga ndidayesa njira ina. Pachikuto cha khadi ndidalembapo liwu limodzi lokha, Takulandirani, m'zilembo zazikulu za Bodoni, papepala lochindikala ndi losalala, malo ambiri ozungulira liwulo n'kuwasiya oyera. Maina a akwati ndidawalemba mu mtundu womwewo, mocheperako pang'ono. Zina zonse, tsiku, malo, nthawi ndi nyimbo, ndidazilemba m'zilembo wamba za mizere yofanana kunenepa. Liwu lathu lija lidaima pakhadipo mwaulemu umene sindidauonepo pa liwu la Chichewa. T adatambasula manja ake oonda pamwamba, k ndi l adakwera ngati mitengo ya bulugama, ndipo ma a atatu aja adapatsa liwulo kayendedwe kake. Azakhali ena adasunga khadilo m'Baibulo mwawo.

Kusiyana kwa mapepala awiriwa sikudali m'zilembo, popeza mtundu wake udali umodzi. Kudali m'kudziwa ntchito imene zilembozo zidasemedwera. Pa zimene ndaona, mtundu umenewu umafuna zinthu zingapo kuti ukutumikire. Umafuna kukula: pa makina wamba a m'maofesi ndi m'mashopu athu, ine sindiutsitsa pansi pa msinkhu 24, ndipo pepala likakhala loti lidzajambulidwa pa fotokope ndimaukweza koposa pamenepo. Umafuna mawu ochepa, monga dzina, mutu kapena moni. Umafuna inki yakuda papepala loyera, chifukwa zilembo zoyera pamalo akuda zimatsekeka inki ikafalikira, ndipo zagolide pamwamba pa chithunzi cha maluwa zimasowa. Sufuna kufinyidwa kapena kukokedwa kuti liwu lalitali likwane. Kuli bwino kuthyola mzere kapena kusankha liwu lalifupi. Khadi loti lidzatumizidwa pa WhatsApp liyenera kuyesedwa pa foni yaing'ono, pakuti chithunzi chimachepetsedwa potumiza ndipo mizere yoonda ndiyo imayamba kuwonongeka. Pachiliza napo ndi chimodzimodzi. M'manda ambiri amene ndayendamo, mizere yozokotedwa mosazama ndiyo imayamba kudzaza fumbi ndi kusuluka utoto, dzina la munthu n'kutsala la theka.

Ndisanasankhe mtundu uliwonse wa zilembo, ndimayamba ndalemba mawu angapo oyesera: ng'ombe, Malaŵi, mphunzitsi, ntchentche, mwezi. Mawu amenewa amandionetsa msanga ngati ŵ alipo, ngati kachizindikiro ka ng' kakuoneka, ndiponso ngati m, n ndi h akusiyana akakhala moyandikana. Ndikatero ndimasindikiza tsamba limodzi pa makina omwewo amene adzasindikize onse, n'kulipereka kwa munthu wamkulu kuposa onse amene adzaliwerenge, makamaka madzulo kuwala kutachepa. Akawerenga osaima, ntchito yatheka. Akakwinya nkhope, ndimabwerera pa kompyuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake pano ndi kwa mphindi khumi zokha.

Chimene ndimalakalaka n'choposa kusankha bwino pakati pa zimene ena adapanga. Anthu a m'chigawo chathu chino adayamba kale kuganiza za maonekedwe a zilembo. Nolence Mwangwego wa ku Malawi adapanga kalembedwe kakekake ka zinenero za m'dzikomo, ndipo Saki Mafundikwa adatsegula sukulu ya luso lojambula pa kompyuta ku Harare mu 1999 nalemba buku lonena za zilembo za mu Africa. Pakati pa achinyamata athu amene amakhalira kukonza makadi ndi zikwangwani ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Cape Town, ndikhulupirira kuti alipo amene angathe kujambula mtundu wa zilembo za mizati ndi tsitsi woyambira pa mawu athu: wopanikizika pang'ono kuti mawu aatali azikwana, wa tsitsi lochindikalako kuti uzipirira fotokope ndi foni, wa ŵ wojambulidwa mwadala ndi ng' wooneka patali. Bodoni adathera moyo wake akusemera zilembo zinenero zimene iye sankayankhula. Ife tili ndi mwayi woti chinenerocho timachidziwa, ndipo zida zojambulira zilembo, zimene kale zinkafuna chitsulo ndi ng'anjo, lero zimakwana pa laputopu. Ngati pakati panu pali amene adayambapo ntchito yotere, kapena amene amadziwa mawu ena a kwanuko amene amavuta m'zilembo zimenezi, ndingakondwe kuwamva kuti tiwaonjezere pa mawu oyesera aja.